Chipeso Chatsopano

"Mashini amenewo usandikhudze nawo," mkulu wake wa wometa anatero, akuloza mwana amene ankadzuka pampando. "Wametera chinthu ichi."

Mwanayo anakula akutchedwa mtsikana. Chaka chatha anauza bambo ake kuti iye ndi mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo bamboyo ankamumeta Loweruka lililonse.

"Chinthu chake chiti, achimwene? Uyu ndi mwana wanga wamwamuna." Kenako wometayo anatembenukira kwa mwanayo. "Tsogola kunyumba, ndikupeza."

Mkuluyo analavulira pansi. "Zonyansa. Tenga mashini ena, upukute mpandowu. Chipesonso chikhale chatsopano."

Wometayo anachita zonsezo. Mkulu wake atangovula chipewa, fungo la thukuta la masiku ambiri linadzaza m'chipindamo. Kunkhongo kunali zilonda zotuluka mafinya, mfundu ili mbuu. Anamumeta, mkuluyo akudandaulabe za anthu oipitsa mtundu.

Mkuluyo atatuluka, wometayo anagwira chipeso chatsopanocho ndi pepala n'kuchitaya m'bini, nasamba m'manja kawiri. Chakale chija, chomwe chinali ndi tsitsi la mwana wake, anachibwezera m'thumba la malaya.