Chigayo cha Mlamu

Anali atazifufutanso. Mayi amene anzake ankamutcha Mlonda anayang'anitsitsa kompyuta, mtima ukuwira ngati ketulo yoiwalidwa pamoto. Mizere imene analemba dzulo lake inali itasowa, ndipo dzina la amene anagwira fayiloyo pomaliza linali la mlamu wake.

Dzina loti Mlonda silinabwere pachabe. Kampani yawo inkalemba tizigawo tolumikiza ku pulogalamu yaikulu yomasulira malamulo a kompyuta, ndipo kagawo kalikonse kamafunika khomo. Pakhomopo ndi pamene zolowa zonse zimafufuzidwa, ngati ndi nambala kapena mawu, ngati zakwana kapena zaperewera. Kwa zaka zambiri makomo amenewo ankawalemba yekha, pamanja, ndipo panalibe chachabechabe chimene chinkamudutsa.

Kenako kunabwera mng'ono wa mwamuna wake. Ntchito anamupezera ndi Mlonda yemweyo, ngakhale tayi ya tsiku loyamba anamumangira ndi iyeyo. Mlamuyo asanadziwe n'komwe kumene amasunga makapu, anabweretsa pulogalamu ina imene anthu anaitcha Chigayo. Munthu ankangoilembera malangizo achidule m'fayilo ina, iyo n'kumugayira khomo lonse lathunthu. Tsiku lophunzitsa anthu za Chigayocho, Mlonda anati mutu ukumupweteka. Iye akakhale pampando kuphunzitsidwa ndi munthu amene ankamugulira sopo ali pasukulu?

Pamwamba pa khomo lililonse panayamba kuoneka mawu akuti, "Musasinthe pamanja." Mlonda anaona kuti chimenechi n'chipongwe cha mlamu basi, ndipo ankasintha dala.

Sabata imene mizere ija inayamba kusowa, muofesi munali motentha. Kagawo koyendetsa sikelo zoyezera magalimoto a katundu kanali ndi vuto: kalaliki akasiya malo a nambala ya galimoto opanda kanthu, pulogalamu yonse inkangoti gwa. Bwana ananena poyera kuti wokonza vutoli ndi amene adzatsogolere gulu lonse. Mlonda analipeza. Analemba mizere yake pakhomopo, mawa lake n'kupeza kulibe. Analembanso, inasowanso. Chodabwitsa n'chakuti pulogalamu inasiya kugwa. Apa sipanafunike woombeza. Mlamu ankaba nzeru zake, n'kukazibisa m'mafayilo a Chigayo kuti udindo ukhale wake.

"Alamu, mungandipatseko mpata tikambe za khomo lija?" anafunsa mlamuyo ataima pambali pa desiki, akupukusa makiyi m'manja.

"Ndatanganidwa, bambo a Chigayo," anayankha Mlonda osatembenuka n'komwe.

Kukamba chiyani ndi mbava? Iye ankafuna kuti munthuyo alawe manyazi pagulu, manyazi oti akafika kunyumba chakudya chimukanike kumeza.

Tsiku loonetsa ntchitoyo kwa eni sikelo linafika. Mlamu atatsika kukalandira alendo, Mlonda anatsegula mafayilo a malangizo a Chigayo. Sanataye nthawi n'kuwerenga. Chilichonse chimene mlamu anaikamo sabata imeneyo anachichotsa, n'kufufutanso pamene pankasungidwa zakale. Mizere yakeyake anali nayo m'mutu. Pulogalamu ikagwa pamaso pa alendo, iye adzaimirira, adzailemba onse akuona, ndipo aliyense adzadziwa mwini nzeru. Anadzola mafuta m'manja, n'kupita kuchipinda cha misonkhano akumva kupepuka kumene anali asanakumve mwezi wonse.

Alendo anakhala moyang'ana chinsalu cha pakhoma. Mlamu anadina batani lomangira pulogalamu, limene linkayendetsanso Chigayo, n'kupempha mmodzi wa alendowo kuti ayese yekha. Bambo wa magalasi anasiya malo a nambala opanda kanthu, monga amachitira makalaliki ake akatopa. Pulogalamu inagwa pomwepo.

Mlamu anatuluka thukuta pamphuno, akudinadina mabatani opanda pake. Mlonda anamusiya kaye avutike, chifukwa zinkamukomera kwambiri moti anachita kuluma mlomo kuti asaseke. Atakhutira anaimirira mwaulemu.

"Tapatuka, mlamu. Zinazi n'za akuluakulu."

Zala zake zinathamanga. Mizere yake inaoneka pachinsalu, yoyera bwino, ndipo bwana anagwedeza mutu mokondwa. Mlonda anadina batani lomangira lija. Chigayo chinazungulira, ndipo anthu onse akuona, mizere ija inazimirira. M'malo mwake munabwerera khomo lakale, mawu aja ali pamwamba: "Musasinthe pamanja." Mlamu anali ataima kutali, manja ali kumbuyo, sanakhudze chilichonse.

Bambo wa magalasi anayesanso. Inagwanso. Anayamba kulongedza mapepala ake m'chikwama.

Bwana sanayang'ane mlamu. Anayang'ana Mlonda. "Mayi, zatani? Mlamu wanuyu anandiuza kuti nzeru yonseyi ndi yanu, moti udindo uja ndimafuna kuulengeza pompano."

Mlamu anasendera pafupi. "Alamu, Chigayo chimafufuta chilichonse cholembedwa pamanja. M'mawa uliwonse ndimasamutsira mizere yanu m'malangizo ake kuti isatayike, ndi dzina lanu pamwamba. Koma pali munthu woipa mtima muno, wazichotsa zonse."