Kachitsulo ka Kukhutu kwa Mbuzi

Chikhazikitsireni lamulo loti masamba a chammwamba ndi a ziweto zokha, mtengo umene ndinabzala ndekha kuseri kwa bafa ndimauyandikira ngati wakuba. Aboma akuti akufuna aone ngati masambawo angachize matenda a shuga, ndiye ayambira pa mbuzi. Yathu anaiveka kachitsulo kukhutu, kamene kamalira shuga akakwera.

Nanga amuna anga, a Mangani? Shuga yemweyo wawadya kale zala ziwiri zakuphazi, koma iwo alibe kachitsulo.

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkasinja masamba odzaza mbale, theka n'kuthira m'madeya a mbuzi, theka m'phala la bambowo. Lachitatu kachitsulo kaja kanayamba kulira, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mlangizi wa ziweto anali atafika kale panjinga yamoto.

"Mayi Nankhoma, mbuziyi sikulandira mlingo wake. Masamba akupita kuti?"

"Afunseni ali pamkekawo," ndinatero.

Anayang'ana a Mangani, nayang'ana phazi lokulungidwa nsanza, kenako anatembenuka n'kuyamba kusisita mbuzi pamsana.

"Mankhwalawa sanavomerezedwe kwa anthu, mayi. Mukabwerezanso, mtengowu tidzadula."

Ndinapsa mtima. Koma a Mangani, munthu wosalankhulalankhula, anadzuka ndi ndodo yawo n'kutsimphina mpaka pakhola. Anagwada pafupi ndi mbuziyo, napendeketsa mutu.

"Achimwene, boolani khutu langali. Kulira mee ndichita kuphunzira."