Nkhafi ya a Petulo

Ku Chembe konse ankanong'onezana kuti a Petulo apeza kamkazi kutsidya. Nanga munthu n'kumapalasa bwato masana alionse, wopanda ukonde, n'kubwerako thukuta lili kamukamu? Akazi awo, a Keti, atamva, anabisa nkhafi.

"Mayi a Yamikani, chonde nkhafi yanga," anadandaula a Petulo. "Kachasu ndinasiya chifukwa cha kupalasaku. Ndikatopa ndimagona. Ndikangokhala, kummero kumayabwa."

"Mumakatopa kwa ndani? Lero simupita!"

Bambo wamkulu anachita kugwada, abale, koma a Keti anangotseka chitseko. Kuseri, kwa mayi wotcheza kachasu, wailesi inayamba kulira.

Pano sapalasanso. A Keti amadziwa kumene amuna awo ali tsiku lililonse, moti amakawatenga okha pa wilibala. Inu mukuti wapambana pamenepa ndani?