Katoni Kutsogolo kwa Rediyeta

Panali munthu wina, dalaivala wa galimoto yakale ya m'matope, yokoka matayala onse anayi. Anzake ankamutchula kuti Ndazidziwa, chifukwa ukayamba kumuuza chinthu ankakudula pakamwa usanafike n'pakati pomwe. Amene anandiuza nkhaniyi analumbira kuti inachitikadi.

Mkazi wake anabereka mwana wosakwana masiku. Khandalo linakhala m'chipatala milungu itatu, ndipo tsiku lotuluka litayandikira namwino anawatsindikira chinthu chimodzi: mwanayu asazizidwe ngakhale pang'ono. Kwawo kunali kuseri kwa phiri, ndipo inali nyengo yachisanu.

Tsono hita ya galimotoyo inali itafooka. Ukaiyatsa inkangotulutsa kampweya kofunda pang'ono, kosakwanira n'kufunditsa zala. Ndazidziwa mtima unali m'mwamba, mpaka anaimbira foni mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, amene anali makaniko.

"Alamu, hita siipanga yokha moto," anatero makanikoyo. "Imabwereka kutentha kwa madzi a mu injini. Ikafooka, nthawi zambiri ndiye kuti madziwo akuthawira penapake."

Anamuuza kuti aone madzi oziziritsa injini mu rediyeta injiniyo itazizira, kenako ailize, agwire mapaipi awiri olowa m'kati momwe mumakhala anthu, aone ngati onse akutentha. Anamuuzanso kuti atukule kapeti ya kutsogolo, aone ngati pansi pake sipanyowe. Kapena angobwera nayo kugalaja.

Ndazidziwa anayankha kuti galimotoyo wakhala nayo zaka khumi ndi zisanu, ndipo madzi anathira yekha mwezi wathawo. Za kapetizo anangozitaya kumbali. Mkazi wake, akadali woyembekezera, anadandaulapo kawiri kuti mapazi akumunyowa m'galimoto, ndiponso kuti mukumveka kafungo kotsekemera. Iye anamuyankha kuti ndi zakumwa zomwe mkaziyo amataya yekha.

M'mawa wa tsiku lokatenga mwana kuchipatala anaima pomwetsera mafuta, n'kudandaula za hitayo. Bambo wina wosamudziwa, yemwe ankapopa tayala pambali, anaseka.

"Achimwene, zazing'ono zimenezo. Injini yanu ikuzizidwa basi. Ikani katoni kutsogolo kwa rediyeta, mphepo isamaiwombe."

Nzeru yosafuna kupita kugalaja inamukomera. Anang'amba katoni, n'kuilowetsa. Chotsekera rediyeta sanachikhudze n'komwe.

Ananyamuka kuchipatala cha m'ma eyiti, mayi ali kumbuyo ndi khanda m'mabulangete. Poyamba hita inayesadi, ndipo Ndazidziwa anayang'ana mkazi wake pagalasi monyada. Koma atayamba kukwera phiri, m'chifunga ndi kamvula kowaza, mpweya uja unasanduka wozizira.

"Abambo, kukuzizira kuno," anatero mkaziyo.

Iye anapotokola chotsegulira hita uku ndi uku, koma osathandiza. Muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unali utakwera mpaka pofiira, kenako unagwa wokha. Ataona wagwa mtima unakhala pansi, osadziwa kuti wagwa chifukwa madzi oti uyeze anali atatheratu. Pasanathe mphindi zisanu injini inagogoda, n'kuzima. Anailiza katatu, koma inangoti zii.

Panalibe nyumba, panalibe galimoto yodutsa, netiweki ya foni panalibenso. Chisanu chinayamba kulowera m'mipata ya zitseko. Mwana analira, kenako kulira kuja kunachepa, kenako kunasiyiratu. Chete ameneyo ndiye anamuopsa Ndazidziwa kuposa china chilichonse chomwe anamvapo chibadwire.

Mayi uja sanataye nthawi ndi kukalipa. Anamasula mabatani, n'kuika khandalo pachifuwa, khungu kukhungu, monga anamuphunzitsira namwino. Mwamunayo anavula jekete ndi juzi n'kuwafunditsa, kenako anathamanga chokwera phiri ali ndi malaya okha, foni ili m'mwamba. Netiweki anaipeza pakona yachitatu. Anaimbira mlamu wake uja.

"Alamu, bwerani. Mwana wasiya kulira."

Makanikoyo anafika patatha ola ndi theka. Anatenga mlongo wake ndi khanda, n'kuwalowetsa m'galimoto yake yofunda, ulendo wobwerera kuchipatala. Mwanayo anamubwezera m'kabokosi kotenthetsera makanda. Adokotala anati chifuwa cha mayi ake n'chomwe chinamusunga, koma akanakhala paphiripo kwa theka lina la ola, bwenzi nkhani ili ina.

Mawa lake makaniko ndi Ndazidziwa anabwerera kukakoka galimoto ija. Makaniko anasolola katoni kutsogolo, n'kumupatsa mwini wake m'manja. Kenako anatsegula chitseko, n'kutukula kapeti. Pansi pake panali chinyontho chonunkhira motsekemera. Kachitsulo komangira paipi ya hita kanali kataweyeseka, ndipo madzi akhala akudontha pamenepo miyezi yonseyi, pomwe pankaponda mkazi wake. Kukamanga inali ntchito ya mphindi khumi. Injini ndiye inali itapseratu.

Madzulo ake Ndazidziwa anaima pambali pa mkazi wake, onse akuyang'ana kachifuwa ka mwana kakukwera ndi kutsika kuseri kwa galasi. Anayamba kufotokoza za kachitsulo kaja. Mkaziyo sanatembenuke.

"Ndinakuuzani kawiri kuti mapazi akundinyowa," anatero motsitsa. "Munati ndine ndataya."

Kwa nthawi yoyamba, Ndazidziwa anamvetsera mpaka mawu anathera.

Phunziro: Hita ikafooka musathamangire kuphimba rediyeta, yambani mwaona madzi, mapaipi ndi pansi pa kapeti. Koposa zonse, mverani makaniko wanu ndi munthu amene mumayenda naye tsiku ndi tsiku, osati mlendo amene sadzakhalapo galimoto ikadzakuferani paphiri. Tumizirani dalaivala aliyense amene mumamudziwa, makamaka uja amati zonse anazidziwa kale.