Fyuzi ya Pikapu ndi Apongozi a Henderson

Panali munthu wina ku Sadzi kuno ku Zomba, dzina lake Henderson. Anali ndi pikapu yakale imene ankakwera nayo kuphiri kukapikula mbatata ya kachewere ndi masamba, n'kumagulitsa m'tauni. Iye, mkazi wake Lois ndi mwana wawo Chiso ankakhala pamalo a mayi ake a Lois.

Galimoto ija inayamba vuto. Akamatsika phiri, fyuzi ya hutala ndi magetsi a mabuleki inkapsa. Msewu uja mumaudziwa, ndi makona okhaokha, ndipo chifunga chikagwa chimene chimakupulumutsa ndi hutala. Henderson ankangoima, kuika fyuzi ina, ulendo n'kupitirira.

Lois anati, "Bambo a Chiso, fyuzi siimangopsa yokha. Pitani kwa amakaniko akaone mawaya."

"Iwe za galimoto unaziphunzira kuti? Zako ndi matewera."

Apongozi ake a Henderson anali ndi dimba kuphiri komweko, ndipo Loweruka lililonse ankakwera nawo. Monga mwa ulemu wakwathu, sankalola kukhala kutsogolo ndi mkamwini. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, pakona ya kumanzere, atafulatira. Pakonapo panali podyeka ndi dzimbiri, pokhomedwa kachilata, moti Henderson sankaikapo katundu.

Loweruka lina fyuzi itapsanso, bambo wina wosamudziwa amene anangopempha kukwera nawo anafunsa, "Achimwene, imapsa tsiku lililonse?"

"Ayi, masiku ena okha."

"Ndiye muziona amene wakwera tsiku limenelo. Galimoto imamva anthu." Analoza kumbuyo ndi mlomo.

Bamboyo anatsikira panjira, osadzaonekanso. Koma mawu ake anatsala. Henderson anayamba kuonetsetsa. M'kati mwa sabata, bwinobwino. Loweruka apongozi akangokwera, fyuzi yapsa.

"Mayi ako asadzakwerenso galimoto yanga," anauza Lois. "Akufuna ndikagwere kuphompho kuti pamalo pano pabwere mwamuna wina."

"Amayi omwe anakupatsani malo omangapo nyumba? Taloŵani pansi pa galimoto muone kaye!"

Sanaloŵe. M'malo mwake anakaikamba nkhaniyo kubawo. Kuchokera kubawo inafika pampopi, kuchokera pampopi inafika kutchalitchi. Amayi aja akafika potunga madzi, anzawo ankasuntha zidebe. Ana analetsedwa kulandira nthochi m'manja mwawo. Masamba awo ankafota pabenchi popanda wogula.

Ndipo fyuzi inasiyadi kupsa. Henderson ankayenda monyada. "Mwaona? Ndinkanama?"

Apongozi anayamba kukwera phiri wapansi, khasu paphewa, mkamwini n'kumawadutsa ndi galimoto yopanda katundu. M'mwezi wa Juni chiperoni chinawanyowetsa tsiku lonse kudimba, n'kudwala chibayo.

M'maŵa wina anayamba kubanika. Lois anagwada pabwalo.

"Bambo a Chiso, milandu tidzakamba tsiku lina. Lero lokha anyamuleni amayi, mpweya ukuwathera."

"Kuti tikafere tonse panjira? Itana kabaza."

Anawakweza panjinga yamoto, pakati pa woyendetsa ndi Lois, mvula yamawawa ikugwa, pikapu ili pabwalo. Anafika nawo kuchipatala atazizidwa kale. Maŵa lake anamwalira.

Pamaliro panagona anthu ochepa. Ena ankanong'ona kuti mfiti yapita. Atangochoka kumanda, amalume ake a Lois anaitana Henderson. "Bambo, tengani bulangete lanu ndi galimoto yanu. Pamalo pano ndi pa mfiti, simungakhalepo."

Henderson anakapeza kachipinda ku Chikamveka. Kwa anzake ankati wapulumuka.

Patapita masabata angapo anapikula mbatata yambiri, malo n'kuchepa. Thumba lomaliza analiponya pakona ya kumanzere ija. Atangoyamba kutsika, anaponda mabuleki, n'kuimba hutala pakona. Zii. Fyuzi yapsa.

Anayang'ana pagalasi. Kumbuyo kunalibe munthu. Pamene ankakhala apongozi panali thumba la mbatata.

Tsiku limenelo, mvula ikuwaza, ndi pamene anagona chagada m'matope n'kuloŵa pansi pa galimoto. Anapeza waya wa magetsi a mabuleki akudutsa pansi penipeni pa kachilata kaja, atasupuka. Chinthu cholemera chikakhala pamwamba, lata linkakanikiza waya pachitsulo. Kuponda mabuleki, fyuzi n'kupsa. Anadula posupukapo, analumikiza, anakulunga ndi tepi wakuda. Ntchito yonse inatha mvula isanakate.

Anapita ku Sadzi ndi kachidutswa ka waya kaja m'manja. Anapeza Lois akuchapa, Chiso ali kumsana.

"Mayi a Chiso, anali waya. Amayi analibe mlandu."

Lois sanasiye kuchapa. "Galimoto yachira?"

"Yachira."

"Zikomo. Amayi ndiye sanachire."

"Ndikhululukire, ndinanamizidwa ndi munthu."

"Munthuyo dzina lake ndani? Amakhala kuti?"

Lois anafinya chovala, n'kupitiriza.

"Ine ndinakuuzani kaŵiri, munati zanga ndi matewera. Kawaya kanuko pitani nako kubawo, pampopi ndi kutchalitchi, mukakaonetse aliyense amene munamuuza. Mukamaliza mupite kumanda mukauze eni ake. Akakukhululukirani iwowo, mudzandipeze."

Pikapu ija ikuyendabe mpaka lero, fyuzi sinapsenso. Koma ku Sadzi alipobe anthu amene amauza ana awo kuti panyumba paja pankakhala mfiti. Chiso akukula akumva zimenezo.

Phunziro: Fyuzi ikamapsa kaŵirikaŵiri, pali waya wosupuka penapake. Fufuzani wayayo musanafufuze mfiti. Musataye mawu a wapanyumba chifukwa cha munthu wapanjira amene ngakhale dzina lake simulidziwa. Waya amakulungidwa ndi tepi, koma dzina la munthu mukalisupula silikulungika. Tumizirani ena uthengawu, makamaka abambo amagalimoto ndi onse ofulumira kuloza chala amayi okalamba.