Chipinda cha Opaleshoni Chosungira Matsache

Panali bambo wina woyendetsa takisi, ndipo amene anandiuza akuti izi zinachitikadi. Mkazi wake anali woyembekezera, masiku atakwana. Matenda atayamba m'mawa, mkulu wake wa mkaziyo anati, "Alamu, tiyeni kuchipatala chachikulu chija. Kusikelo anati mwanayu wagona mopingasa."

"Kuja?" anatero bamboyo. "Makoma akuda, mabenchi othyoka, fungo la mankhwala kukulandirira pageti? Mkazi wanga ayi."

Anawatengera kukachipatala katsopano kamene ankakasirira akamadutsa ndi makasitomala. Pansi matailosi owala, mipando yawofuwofu, wailesi yakanema pakhoma, maluwa patebulo. Bamboyo anajambula zithunzi n'kutumizira anzake.

Maola atatu anadutsa, mayi akungobuula. Kenako anayamba kutaya magazi. Mwamuna wovala gauni loyera ankangolowa ndi kutuluka, maso ali pafoni.

"Adokotala, bwanji osamuchita opaleshoni?"

"Dekhani bambo, wodziwa zimenezo tamuimbira."

Mlamu uja sanadikire. Anakankha chitseko cholembedwa kuti chipinda cha opaleshoni. Munali matsache, zidebe ndi njinga ya mlonda. Basi.

Bamboyo sanachedwenso. Ananyamula mkazi wake m'manja, mlamu atagwira miyendo, n'kumulowetsa m'takisi, n'kuliyatsa liwiro, hutala ili pii njira yonse.

Kuchipatala chakale kuja, namwino wina wachikulire anangoyang'ana kamodzi n'kukuwa, "Machira! Itanani adokotala!" Machirawo anali olira matayala, koma mayiyo analowa nawo mkati bamboyo asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto.

Bamboyo anadikira pakhonde. Patapita ola namwinoyo anatuluka.

"Mwamuna wake ndinu? Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Mayi ali bwino. Mwana ndi wamkazi, ndipo kukamwa n'kwa bambo ake, tamvani mmene akulirira."

Bamboyo anagwada pansi, kenako anadzuka n'kuyamba kuvina pakhonde pomwepo, misozi ili chuchuchu. Mlamu analulutira, odikirira odwala anzawo akuwomba m'manja. Mlonda anabwera kudzawaletsa phokoso, koma atamva nkhaniyo anaika chibonga pansi n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

Phunziro: Khoma silichiritsa munthu. Musanagoneke m'bale wanu pabedi, funsani ngati pali anthu odziwa ntchito ndi zipangizo, ndipo mverani zimene anakuuzani kusikelo. Musaisunge nokha nkhaniyi, tumizirani abale ndi anzanu, makamaka azibambo amene kunyumba kwawo kuli woyembekezera.