Ufa Woyera pa Milomo ya Mayi Odessa

Moni owerenga okondedwa. Tithokoze Mulungu amene watidzutsa mtima ukugunda bwino, pakuti si onse adzuka chotero.

Lachisanu masana, Loretha Tillery anaika thumba la zogula patebulo la m'khitchini n'kuyamba kutulutsa: nthochi, mbatata, madzi a malalanje, mapiritsi a potaziyamu. Kaphukusi koyeretsera nsapato za kutchalitchi, kamene amayi ake ankamutuma sabata iliyonse, anakasiya m'chikwama chimene chinali paphewa pake.

Amayi akewo, Mayi Odessa, anatha zaka makumi atatu akulandira anthu pakhomo la tchalitchi chathu kuno ku Georgia, m'dziko la America, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Koma tsopano panali patapita miyezi inayi asanapondeko. Miyendo inkalemera, minofu inkakokana. Dokotala anayeza magazi kasanu, ndipo kasanu konseko anapeza kuti potaziyamu, mchere umene umayendetsa minofu ndi mtima, ngwochepa. Anawonjezera mapiritsi. Palibe chinasintha.

"Chilipo chimene chikuba mcherewu m'thupi mwawo," anatero dokotalayo. "Miyendo ikadzakana kudzuka, kapena mtima ukadzayamba kudumphadumpha, kapena kupuma kukadzavuta, musadzadikire mawa. Mudzaitane ambulansi nthawi yomweyo."

Loretha sanavutike kufunafuna wakubayo. Ankamuona tsiku ndi tsiku.

Mayi Vernell, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, anayamba kubwera mwezi womwe matendawo anakula. Ankafika ndi poto wa ndiwo zamasamba, ndi chikwama chachikulu chakuda chimene sankachiika pansi ngakhale popemphera. Mpingo wonse unkadziwa kuti pautsikana wawo awiriwa ankalimbirana mnyamata mmodzi, malemu bambo ake a Loretha, ndipo amene anakwatiwa naye anali Odessa. Kawiri Loretha anawapeza Mayi Vernell atapisa dzanja pansi pa pilo wa wodwalayo. Katatu anaona ufa woyera m'mbali mwa milomo ya amayi ake. Atawafunsa amayi akewo, iwo anangotembenukira kukhoma. Loretha anakumbukira kuti ngakhale amene anapereka Ambuye ankadya nawo m'mbale imodzi.

Tsikulo m'nyumba munali zii. Wailesi ya nyimbo zauzimu, imene sinkapuma, inali yozimitsa. Poto wa Mayi Vernell anali pachitofu, akadali wofunda. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseguka pang'ono, ndipo kunkamveka mawu otsika.

"Tsegulani pakamwa, achemwali. Ndati tsegulani."

Loretha anakankha chitsekocho. Mayi Odessa anali atapendekekera mbali imodzi pampando, dzanja lili pachifuwa, milomo ili mbuu. Mayi Vernell anali atawerama pa iwo. Kunsi kwa bedi, nsapato zoyera zija zinali pamalo pake, fumbi litazikuta.

"Inu mayi, mwawapatsa chiyani amayi anga?"

"Iwe mwana, tasiya phokoso," anayankha Mayi Vernell osacheuka. "Miyendo yakana, mtima ukudumpha. Ambulansi ndaitana kale."

"Mwaitana kuti muoneke mngelo? Zaka makumi anayi, mtima wanu sunapolebe?"

"Za bambo ako aja? Mwanawe, ndinasala kudya masiku atatu pothokoza kuti anandilambalala. Munthu woliza mkonono mpaka pa mgonero wa Ambuye! Tenga mapiritsi awo onse, madokotala akawaone."

Loretha sanapite kukatenga mapiritsi. Anagwira chikwama chakuda chija n'kukoka. Mayi Vernell anakakamira. Lamba anaduka, ndipo zonse zinakhuthukira pansi: magalasi, buku la nyimbo, ndi timipango tomangamanga. Kamodzi kanamasuka. Munali zibuma za dothi loyera, lija amakumba m'zitunda za kwathu kuno. China chinali ndi zipsera za mano.

"Dothi!" anakuwa Loretha. "Mukuwadyetsa dothi!"

Kutali, cha kumsewu waukulu, kulira kwa ambulansi kunayamba kumveka. Mayi Odessa anayesa kudzutsa mutu, koma khosi linakana.

"Vernell," ananong'ona, mpweya ukuduka, "munalumbira kuti simudzamuuza."

"Ndinalumbira, ndipo Mulungu andikhululukire kuti ndinasunga lumbiro lopusalo. Manyazi anu akufuna kukulowetsani m'manda." Kenaka anatembenukira kwa Loretha, maso ali ofiira. "Amayi ako amadya dothili mobisa, monga ankadyera amayi awo, monga ankadyera amayi anga mpaka mtima unaima ali pakhonde. Likalowa m'mimba limagwira potaziyamu yense, mapiritsi amangodutsa. Ine ndimabwera kudzawalanda. Ndimafufuza pansi pa pilo, m'thumba la mkanjo, ngakhale m'kamwa. Ndikalanda lonse, sabata ikatha ndimapeza lina. Munthu sangathe kuyenda mpaka pageti, ndiye ndani amawabweretsera? Ndikadzamudziwa satana ameneyo, adzandiona."

Ambulansi inaima pakhomo. Loretha anayang'ana nsapato zija, ndi fumbi la miyezi inayi limene palibe anali atalipukutapo. Kenaka anamva kulemera paphewa pake, pamene kaphukusi koyeretsera nsapato ka sabata imeneyo, ka dothi loyera lomwelo, kankadikira kuperekedwa.

Ambuye amene anatiumba ndi dothi akusungeni, owerenga, inu ndi odwala anu, ndipo akutsegulireni maso kuti muone chimene manja anu achikondi anyamula. Ameni.